Mafunso ndi Mayankho: Jack Kirby, Mmisiri wa Nthano za M'zithunzi

Makalata amene tikuyankha mwezi uno onse akukhudza munthu mmodzi, Jack Kirby wa ku America, amene adalemba ndi kujambula mabuku a nthano za m'zithunzi, omwe ambiri timangowatchula kuti mabuku a makatuni, kwa zaka zoposa 50. Mafunso ena tawafupikitsa, ndipo amene amafanana tawaphatikiza.

Funso: Akonzi, nditaonera filimu ya Black Panther ndidawerenga mayina amene amatuluka kumapeto, ndipo ndidaona kuti nthanoyo idachokera m'mabuku a Stan Lee ndi Jack Kirby. Stan Lee ndimamudziwa chifukwa nkhope yake imaoneka m'mafilimu a Marvel, koma za Jack Kirby sindidamvepo. Kodi ameneyu ndi ndani?
Wowerenga wa ku Ndirande, Blantyre

Yankho: Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Jack Kirby adabadwa pa 28 Ogasiti 1917 mumzinda wa New York, m'dera la anthu osauka lotchedwa Lower East Side, ndipo dzina limene makolo ake adamupatsa lidali Jacob Kurtzberg. Makolowo adali Ayuda ochokera ku Austria, ndipo bambo ake ankagwira ntchito m'fakitale yosoka zovala. M'deralo mabanja ankakhala mothithikana m'nyumba zosanja za lendi, ndipo anyamata a msewu uliwonse adali ndi gulu lawo limene linkamenyana ndi gulu la msewu wina. Kirby, amene adali wamfupi ndi wojintcha, adamenya nawo ndewu zimenezo, ndipo atakula adazijambula m'nthano yaifupi ya moyo wake yotchedwa Street Code, imene idasindikizidwa mu 1990. Luso lojambula adaliphunzira yekha poonera makatuni a m'manyuzipepala, makamaka a Hal Foster, Alex Raymond ndi Milton Caniff. Adayamba kulipidwa chifukwa cha luso lake mu 1936, kenaka adagwirako ntchito ku Fleischer Studios, kumene ankajambula zithunzi zapakati zimene zimachititsa kuti Popeye azioneka ngati akuyenda pa kanema. Ntchitoyo idamukumbutsa fakitale ya bambo ake, ndipo sadakhalitseko.

Mbiri yake idayamba kumveka atagwirizana ndi Joe Simon, mnzake amene adagwira naye ntchito kwa zaka pafupifupi 15. Awiriwa ndiwo adapeka Captain America. Kope loyamba lidafika pamsika mu Disembala 1940, chaka chathunthu dziko la America lisadalowe m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo pachikuto pake padali chithunzi cha Captain America akumenya Adolf Hitler chibakera cha pachibwano, asilikali a chipani cha Nazi akumuwombera, zipolopolo zikunjanja pachishango chake. Taganizani kuti amene adajambula zimenezi adali anyamata awiri achiyuda, pa nthawi imene Hitler adali wamoyo ndi wamphamvu, komanso mu New York momwemo mudali anthu omusapota. Simon adafotokoza pambuyo pake kuti ku ofesi kwawo kunkabwera makalata ndi mafoni owaopseza. Bukulo lidagulidwa kwambiri, makope pafupifupi miliyoni imodzi, koma awiriwa adangotulutsa makope khumi n'kuchoka ku kampani ya Timely Comics, imene lero ndi Marvel, chifukwa adaona kuti mwini wake, Martin Goodman, sankawapatsa gawo la phindu limene adawalonjeza.

Mu 1942 Kirby adakwatira Roz Goldstein, ndipo mu 1943 adaitanidwa ku usilikali. Adafika ku France mu Ogasiti 1944 ndipo adamenya nkhondo m'gulu lotsogozedwa ndi George Patton. Mkulu wina wa asilikali atamva kuti mnyamatayu amadziwa kujambula adamupatsa ntchito yoopsa ya ukazitape, yomatsogola m'midzi imene mudali adani n'kukajambula mapu ndi zonse zimene waona. M'nyengo yachisanu miyendo yake idawonongeka ndi kuzizira moti madokotala a ku London adatsala pang'ono kuidula. Atabwerera kwawo mu 1945 adayambiranso ntchito ndi Simon, ndipo mu 1947 adatulutsa Young Romance, buku limene lidayambitsa mtundu watsopano wa makatuni a nkhani zachikondi. Adajambulanso nthano za zigawenga, za nkhondo ndi za abusa a ng'ombe a kumadzulo kwa America, mpaka pamene malonda a makatuni adagwa cha m'ma 1954, anthu atayamba kuwanena kuti amawononga khalidwe la ana. Kampani imene iye ndi Simon adatsegula idatsekedwa, ndipo aliyense adalowera kwake. Kirby adamwalira pa 6 Febuluwale 1994 ku Thousand Oaks, m'chigawo cha California, ali ndi zaka 76. Zimene adachita pakati pa zaka zimenezi tazifotokoza m'mayankho otsatirawa.

Funso: Akonzi, ophunzira anga amanena motsimikiza kuti Stan Lee ndiye adapeka Hulk, Thor, X-Men ndi Avengers, ndipo kuti ena onse ankangojambula zimene iye walemba. Ine ndidamvapo kuti nkhaniyi ili ndi mkangano. Zoona zake ndi ziti?
Mphunzitsi wa ku Dedza

Yankho: Aphunzitsi, mwamva zoona, mkanganowo ulipo ndipo ndi wakale. Kuti muumvetse muyenera kudziwa momwe mabukuwo ankapangidwira. Kirby adabwerera ku kampani ya Goodman kumapeto kwa 1958, n'kupeza kuti mkonzi wamkulu ndi Stan Lee, yemwe uja adali mnyamata wotumidwa mu ofesi pa nthawi ya Captain America. Kwa zaka zingapo Kirby ankajambula nthano za zilombo zikuluzikulu, ndipo Groot amene ana anu amamuona m'mafilimu adachokera m'nthano imodzi yotere ya mu 1960. Kenaka mu Novembala 1961 kudatuluka Fantastic Four, mu 1962 Hulk ndi Thor, mu 1963 Avengers ndi X-Men, ndipo mu 1964 Captain America adabwezedwanso m'mabuku. Onsewa adatuluka m'manja mwa Kirby, ndipo pa Fantastic Four pokha adajambula makope 102 otsatizana popanda kudumpha ngakhale limodzi.

M'makampani ena mlembi ankalemba nthano yonse, kusonyeza zimene zichitike m'kabokosi kalikonse ndi mawu amene aliyense alankhule, kenaka n'kupereka kwa wojambula. Ku Marvel sizinkayenda choncho. Lee adali ndi mabuku ambiri oti awakonze, choncho ankangokambirana ndi wojambula mwachidule za mutu wa nthano, nthawi zina pafoni, nthawi zinanso osakambirana n'komwe. Kirby ankapita kunyumba kwake n'kukajambula masamba 20 kapena kuposerapo, ndipo pojambulapo ndi pamene ankasankha amene alowe m'nthano, chimene chiyambitse mkangano, pamene nkhani ikhotere ndi momwe ithere. M'mphepete mwa tsamba lililonse ankalemba ndi pensulo timawu tofotokozera Lee zimene zikuchitika ndi zimene ampangankhani akunena. Masamba ambiri otere alipo mpaka lero, ndipo timawu timeneto tikuonekabe. Lee ankalandira masambawo n'kulemba mawu omaliza amene owerenga ankawaona m'bukumo. Pa tsamba loyamba pankalembedwa kuti mlembi ndi Stan Lee, wojambula ndi Jack Kirby, ndipo malipiro a ulembi ankapita kwa Lee.

Chitsanzo chimene sichingatsutsidwe ndi cha Silver Surfer. Pokonza makope a Fantastic Four a mu 1966, awiriwa adagwirizana zopanga nthano ya Galactus, chimphona chimene chimayenda m'mlengalenga n'kumadya mphamvu za maiko athunthu. Masamba atafika ku ofesi, Lee adapezamo munthu wonyezimira ngati siliva akuuluka pa thabwa losewerera pa mafunde, amene sadakambirane za iye mpang'ono pomwe. Kirby adalingalira yekha kuti chimphona chachikulu chotero chiyenera kukhala ndi mthenga wotsogola kukachifunira chakudya. Lee mwiniwake adavomereza zimenezi kambirimbiri pagulu. Komabe mu 1968, pamene Silver Surfer adapatsidwa buku lakelake, Lee adalipereka kwa wojambula wina, John Buscema, n'kumupekera mbiri yosiyana ndi imene Kirby ankaganiza. Zimenezi zidamupweteka mtima kwambiri, monganso momwe idamupwetekera nkhani ya m'nyuzipepala ya New York Herald Tribune ya mu Januwale 1966, imene idatamanda Lee ngati mwini nzeru zonse n'kumunyoza Kirby pa maonekedwe ake.

Sitikunena kuti Lee sadachite kanthu. Mawu ake adali okoma, a nthabwala ndi osavuta kuwerenga, ndipo adachititsa kuti ngwazi zimenezi zizilankhula ngati anthu enieni amene amakangana, kudandaula ndi kusekana. Iye ndiye ankayankha makalata a owerenga, kulengeza malonda a mabukuwo m'masukulu a ukachenjede, ndi kuonetsetsa kuti mayina a ojambula akulembedwa, ndipo dzina laulemu lakuti mfumu ya makatuni adamupatsa Kirby ndi iyeyo. Kirby atakalamba, chifukwa cha kuwawidwa mtima, adanenapo kuti Lee sadalembepo chilichonse, ndipo pamenepo adapitirira malire. Koma maganizo athu ndi akuti munthu amene wasankha zochitika zonse za nthano, kuyambira pachiyambi mpaka pamathero, walemba nthanoyo, ngakhale atailemba ndi zithunzi. Auzeni ophunzira anu kuti ngwazi zimenezi zidapekedwa ndi anthu awiri, ndipo kuti katundu wolemera kwambiri adasenza ndi Kirby. Mukafuna umboni wina, yang'anani The Thing wa mu Fantastic Four, chimunthu cha thupi lamiyala, chaukali koma cha mtima wabwino, chosuta fodya ndi chokulira mumsewu wa ndewu wotchedwa Yancy Street. Kirby adavomereza kuti ameneyo ndi iye mwini.

Funso: Akonzi, kodi amene adapeka Black Panther adali munthu wakuda? Nanga dziko la Wakanda adalitenga kuti?
Mayi wa ku Chipata, Zambia

Yankho: Mayi, Kirby ndi Lee onse adali azungu achiyuda a ku New York. Black Panther adaonekera koyamba mu Fantastic Four nambala 52, ya mwezi wa Julayi 1966, pa nthawi imene anthu akuda a ku America ankamenyera ufulu wawo ndipo maiko a mu Africa ankalandira ufulu wodzilamulira motsatizana, Malawi ndi Zambia atangoulandira kumene mu 1964. Chipani cha Black Panther cha ku Oakland chidakhazikitsidwa mu Okutobala chaka chomwecho, bukulo litatuluka kale. Black Panther wa m'bukulo ndiye adali ngwazi yoyamba yakuda ya mphamvu zodabwitsa m'mabuku a makampani akuluakulu a ku America.

Chimene chimatikondweretsa m'nthano yoyambayo ndi malo amene T'Challa, yemwe ndi Black Panther mwiniyo, adapatsidwa. Iye si wantchito wa mzungu kapena munthu wodikira kupulumutsidwa. Ndi mfumu yolemera ndi yophunzira, imene ikutumiza ndege yamakono kwa a Fantastic Four ngati mphatso, n'kuwaitanira ku Wakanda. Atafika akupeza nkhalango imene mitengo yake ndi zingwe zake zonse ndi makina, ndipo mmenemo T'Challa akuwasaka mmodzimmodzi pofuna kudziyesa ngati wakonzeka kulimbana ndi mdani wake weniweni. Kope lotsatira likufotokoza za mdaniyo, Klaw, mzungu amene adapha T'Chaka, bambo ake a T'Challa, pofuna kulanda mwala wa mtengo wapatali wotchedwa vibranium. Wowerenga aliyense wa kuno amene amadziwa mbiri ya migodi ya ku Copperbelt kapena ya ku Katanga sangavutike kumva chimene nthanoyo ikunena.

Wakanda ndi dziko lopeka, ndipo tiyenera kunena mosabisa kuti Africa ya m'masamba amenewo ndi ya m'maganizo a munthu wa ku New York wa nthawi imeneyo. Pambali pa makina odabwitsawo pali anthu ovala zikopa onyamula mikondo, monga momwe mafilimu akale a azungu ankatisonyezera. Zambiri zimene mudazikonda mu filimu ya mu 2018 zidawonjezedwa ndi ena. Killmonger, mdani wa T'Challa m'filimumo, adapekedwa mu 1973 ndi Don McGregor ndi Rich Buckler, asilikali achikazi a Dora Milaje adabwera mu 1998 m'nthano za Christopher Priest, ndipo Shuri, mlongo wake wa T'Challa, adabwera mu 2005 m'nthano za Reginald Hudlin. Priest ndi Hudlin ndi alembi akuda. Chixhosa chimene mudachimva m'filimumo chidalowa kudzera mwa John Kani wa ku South Africa, amene adasewera ngati T'Chaka. Kirby adabwereranso kwa T'Challa mu 1977 ndipo adalemba ndi kujambula yekha makope 12, koma m'menemo adakonda kwambiri nthano zosaka chuma chakale ndi zinthu zodabwitsa kusiyana ndi nkhani za ndale za Wakanda.

Funso: Akonzi, ngati Kirby adali mlembi weniweni, kodi alipo mabuku amene adalemba yekha popanda Stan Lee? Ndiyambe ndi liti?
Wophunzira wa ku Zomba

Yankho: Alipo ambiri, ndipo m'menemo ndi momwe mungamuonere bwino. Mu 1969 Kirby adasamukira ku California, ndipo mu 1970 adachoka ku Marvel, kampaniyo itamupatsa mgwirizano umene sunkamupatsa ulemu kapena chitetezo chimene ankafuna. Adapita ku DC Comics, eni ake a Superman ndi Batman, kumene adamulola kukhala mlembi, wojambula ndi mkonzi wa mabuku ake. Atauzidwa kuti atengenso buku limodzi mwa amene adalipo kale, adasankha la Jimmy Olsen, mnzake wa Superman, chifukwa lidalibe wojambula wokhazikika ndipo sankafuna kuchotsetsa munthu ntchito. M'bukumo ndi m'mabuku ena atatu atsopano, New Gods, The Forever People ndi Mister Miracle, adayala nthano imodzi yaikulu imene imadziwika kuti Fourth World.

Nthanoyo ikunena za maiko awiri a milungu amene ali pa nkhondo. New Genesis ndi dziko lobiriwira lolamulidwa ndi Highfather, pamene Apokolips ndi dziko la maenje a moto ndi mafakitale, lolamulidwa ndi Darkseid. Darkseid safuna chuma kapena malo. Iye akufunafuna chinsinsi chimene chingachotse mwa anthu onse mphamvu yodzisankhira zochita, kuti aliyense azingoganiza zimene iye akuganiza. Munthu amene adapeka zimenezi adaona ndi maso ake zimene ulamuliro wa Hitler udachita ku Ulaya, ndipo zikuonekera pa tsamba lililonse.

Yambani ndi New Gods nambala 7, nthano yotchedwa The Pact. Pofuna kuimitsa nkhondo, mafumu awiriwa akusinthana ana awo aamuna ngati chikole. Orion, mwana wa Darkseid, akuleredwa m'dziko la mtendere, ndipo moyo wake wonse akulimbana ndi ukali umene adabadwa nawo. Scott Free, mwana wa Highfather, akuponyedwa m'nyumba ya ana amasiye ya ku Apokolips, kumene mayi wankhanza wotchedwa Granny Goodness amaphwanya mitima ya ana kuti akhale asilikali omvera. Mwanayo akukana kuphwanyika, akuthawa, ndipo akudzakhala Mister Miracle, katswiri wodzimasula m'maunyolo ndi m'misampha ya mtundu uliwonse. Mkazi wake, Big Barda, ndi wamphamvu kuposa iye ndipo amamuteteza, ndipo amene ankalidziwa banja la Kirby amati chikondi cha awiriwa adachitengera pa iye mwini ndi Roz. Funso lakuti kodi munthu amaumbidwa ndi magazi kapena ndi kumene wakulira silidafunsidwepo mwamphamvu chotere m'mabuku a makatuni a nthawi imeneyo.

Tikuchenjezeni kuti mawu a Kirby si osalala ngati a Lee. Ampangankhani ake amalankhula mofuula, ziganizo zina n'zolimba, ndipo maganizo atsopano amabwera mothamangitsana moti ena amasiyidwa asadakhwime. Owerenga ena zimenezi zimawatopetsa, koma ife timaona kuti mawuwo akugwirizana ndi kulemera kwa zithunzi zake. Akuluakulu a DC sadamupatse mpata womaliza. Adathetsa New Gods ndi The Forever People mu 1972, lililonse litangofika pa nambala 11, ponena kuti malonda sakuyenda, ndipo Mister Miracle lidathera pa nambala 18. Adafika ngakhale polamula ojambula ena kuti azijambulanso nkhope za Superman pa masamba ake kuti zifanane ndi zimene kampani idazolowera. Kirby adapitiriza ndi The Demon, Kamandi ndi OMAC, kenaka adabwerera ku Marvel mu 1975, kumene adapeka The Eternals mu 1976. Lero Darkseid ndi mmodzi mwa adani akuluakulu m'mabuku ndi m'mafilimu a DC, ndipo mabuku amene adathetsedwa aja amasindikizidwa mobwerezabwereza.

Funso: Akonzi, ine ndimajambula. Kodi chapadera pa kajambulidwe ka Kirby n'chiyani, poti ndikaona manja ndi mawondo a anthu ake ndimaona ngati sizili bwino?
Mnyamata wa ku Mzuzu

Yankho: Mwaona bwino, achimwene. Zala za anthu ake n'zamakona, mawondo ndi aakulu, ndipo minofu ina imene amajambula simungaipeze m'buku la madokotala. Adachita dala, chifukwa cholinga chake chidali kusonyeza mphamvu ndi liwiro. Munthu wa Kirby akamamenya chibakera, miyendo imatangadza kwambiri, msana umapindika, ndipo dzanja limatulukira kutsogolo lili lalikulu kuposa mutu, moti wowerenga amamva ngati limufika pamaso. Ndewu zake zimatsatika, womenyedwa akagwera kumanja m'kabokosi kamodzi, m'kabokosi kotsatira mumamupeza komweko akudzuka. Pofuna kusonyeza mphamvu zosaoneka, monga moto wa m'mlengalenga, ankadontheza timadontho takuda tambirimbiri mowunjikana n'kusiya mipata yoyera pakati pake, ndipo ojambula ambiri akutengerabe njira imeneyi. Nthawi zina ankadula zithunzi za m'magazini n'kuzimata pamodzi kuti apange maiko achilendo.

Mukapeza Street Code muyang'ane chithunzi chachikulu chimene chatenga masamba awiri. Ndi msewu wa kwawo uja, wojambulidwa ndi pensulo basi. Muli ngolo za ogulitsa malonda, zovala zoyanikidwa m'mwamba pakati pa nyumba, amayi akusuzumira m'mawindo ndi ana akuthamangitsana pakati pa chikhamu cha anthu, ndipo diso lanu silisowa kolowera ngakhale kuti tsambalo ladzaza. Amene adamuona akugwira ntchito amati ankayambira pa ngodya yakumanzere ya pamwamba n'kumatsika, ngati kuti chithunzi chonse adachiona kale papepalapo. Ankatha kumaliza masamba anayi kapena asanu pa tsiku, nthawi zambiri usiku, m'chipinda chapansi cha nyumba yake ku Long Island, ndipo akatswiri amayerekeza kuti pa moyo wake adajambula masamba oposa 20,000. Dziwaninso kuti zimene mumaona m'buku zidadutsa m'manja mwa wopaka inki. Joe Sinnott ndi Mike Royer ankalemekeza mizere yake, pamene Vince Colletta ankadziwika ndi kufufuta anthu ndi nyumba zina zakumbuyo kuti amalize msanga.

Funso: Akonzi, mafilimu a Marvel amapeza ndalama zankhaninkhani. Kodi Kirby adamwalira ali mpondamatiki? Ndikufunsa chifukwa kampani ina yandipempha kuti ndiijambulire buku la ana, ndipo sindikudziwa kuti zithunzizo zidzakhala za yani.
Wojambula wa ku Lilongwe

Yankho: Sadamwalire ali wosauka, koma sadalawe chuma chimene ngwazi zake zidabweretsa. Ku Marvel ankalipidwa pa tsamba lililonse limene wapereka, popanda gawo la phindu, popanda penshoni ndiponso popanda inshuwalansi ya kuchipatala. Zidali ngati waganyu amene amalipidwa pa ndime imene walima, zokolola zonse n'kulowa m'nkhokwe ya mwini munda. N'chifukwa chake ankajambula usiku ndi usana, popeza adali ndi mkazi ndi ana anayi, ndipo umphawi wa ku ubwana wake sudamuchoke m'maganizo. Malipiro abwino ndi inshuwalansi adazipeza atasiya mabuku mu 1978 n'kuyamba kujambulira makampani a makatuni a pa wailesi ya kanema, monga Ruby-Spears, kumene adagwira nawo ntchito pa Thundarr the Barbarian. Mu 1981 adatulutsa Captain Victory ku kampani yaing'ono ya Pacific Comics, ndipo pa buku limeneli umwini udali wake.

Mkangano wina udali wa mapepala enieni amene adajambulapo. Marvel itayamba kubweza masamba akale kwa ojambula, ena onse idawapatsa chikalata chachifupi choti asayine, koma Kirby idamupatsa chikalata cha masamba anayi chomulanda pafupifupi ufulu wonse pa ntchito yake. Iye adakana kusayina, ndipo ojambula anzake ndi owerenga ambiri adaima naye. Mu 1987 kampaniyo idamubwezera masamba pafupifupi 2,000 mwa masamba oposa 10,000 amene adaijambulira. Ambiri mwa otsalawo adali atasowa kapena kubedwa.

Iye atamwalira, ana ake adapitiriza nkhondoyo. Mu 2009, chaka chimene Disney idalengeza zogula Marvel pa mtengo wa madola 4 biliyoni, iwo adapereka zidziwitso zofuna kutenganso umwini wa ngwazi zimene bambo awo adapeka. Khoti la ku New York lidagamula mu 2011 kuti Kirby adagwira ntchitoyo molembedwa ndi kampani, choncho umwini ndi wa Marvel, ndipo khoti la apilo lidagwirizana nazo mu 2013. Mu Seputembala 2014, patangotsala masiku ochepa kuti khoti lalikulu kwambiri la dzikolo liganizire zomva mlanduwo, mbali ziwirizi zidagwirizana kunja kwa khoti. Kuchuluka kwa ndalama sikudalengezedwe, koma kuyambira pamenepo dzina la Kirby limalembedwa pamodzi ndi la Lee m'mabuku a ngwazi zimene adapeka, ndipo mu 2017, chaka chimene akadakwanitsa zaka 100, Disney idamupatsa ulemu wapadera.

Pa nkhani yanu, malamulo a ku America si a kuno, koma chimene chidavutitsa banja la Kirby kukhoti n'chakuti pa zaka zimene ankapeka ngwazi zija padalibe mgwirizano wolembedwa. Musadayambe kujambula, pemphani kuti zilembedwe papepala kuti mwini zithunzi ndi ndani, dzina lanu lidzalembedwa pati, mudzalandira chiyani bukulo likadzasindikizidwanso kapena kumasuliridwa, komanso ngati mapepala anu adzabwezedwa. Kuno ku Malawi nkhani zotere zili pansi pa lamulo la umwini wa ntchito zaluso la mu 2016, ndipo bungwe la COSOMA, limene likulu lake lili mumzinda wanu womwewo, ndilo loyenera kukalifunsa musadasayine.

Funso: Akonzi, nanga Spider-Man nayenso ndi wa Kirby?
Wowerenga wa ku Johannesburg

Yankho: Ayi. Spider-Man amene mumamudziwa, chovala chake, kuonda kwake ndi mavuto ake a kusukulu, ndi ntchito ya Steve Ditko pamodzi ndi Stan Lee. Kirby adayamba wajambulako masamba ochepa a Spider-Man wa mtundu wina, koma sadagwiritsidwe ntchito ndipo nthanoyo idaperekedwa kwa Ditko. Chimene Kirby adajambula n'kusindikizidwa ndi chikuto cha Amazing Fantasy nambala 15, cha mu 1962, pamene Spider-Man akulendewera pa ulusi wake pakati pa nyumba zosanja atakolekera munthu m'khwapa, ndipo inki ya pachikutocho adapaka ndi Ditko.